Mbiri ya Mudzi wa Chembe ndi Alendo Ake

Kumwera kwa Nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi, m'dziko la Mfumu Nankumba, mtunda unalowa m'nyanja ndi kuigawa pawiri, ndipo kunsonga kwa mtundawo kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Chembe. Kumbuyo kwa mudziwo kuli mapiri a miyala, kutsogolo kwake kuli gombe lalitali la mchenga ndi madzi oyera mbee, ndipo patsidya paoneka zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Eni ake amati kwawo ndi kwa Chembe, koma m'mabuku a anthu a maiko ena malowa alembedwa kuti Cape Maclear. Pa malo onse a m'mbali mwa nyanja yathu, awa ndi amodzi mwa malo amene alendo odzaona dziko amawakonda koposa.

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri yonena za mlendo. Wina uti mlendo ndi mame, ndiye kuti sakhalitsa. Wina uti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndiye kuti akhoza kukuthandiza pa chinthu chimene chinakukanika wekha. Miyambi yonse iwiri ndi yoona, ndipo pa Chembe yonse yaoneka. M'nkhani ino tifuna kulondola alendo a pamalopa kuyambira chaka cha 1861 kufikira masiku ano, ndipo pa gulu lililonse tidzafunsa funso limodzi lomwelo: pamene alendowa anachoka, anasiya chiyani m'manja mwa eni mudzi?

Dzina ndi manda

David Livingstone anafika pa nyanja m'chaka cha 1859, ndipo m'chaka cha 1861 anabweranso ndi ngalawa, nayenda m'mbali mwa nyanja kunka kumpoto. Pozungulira nsonga ya mtunda uja anaipatsa dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town, amene ankamuthandiza kuwerengera bwino malo amene anali kupitamo pa maulendo ake. Chotero malo a Amalawi anatenga dzina la munthu wokhala kutali, ndipo dzinalo lakhalapo kufikira lero.

Livingstone atamwalira m'chaka cha 1873, mpingo wa Free Church wa ku Scotland unatuma anthu kudzayamba mishoni yomukumbukira, imene anaitcha Livingstonia. Anabwera ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Pofika pa mathithi a Shire anaiphwasula, amuna mazana ambiri nasenza zitsulo zake pamutu kufikira kumtunda kwa mathithiwo, kumene anailumikizanso. M'mwezi wa Okutobala 1875 analowa m'nyanja, mtsogoleri wawo ali E. D. Young, ndipo Dr. Robert Laws ali pakati pawo. Atalandira chilolezo kwa Mfumu Mponda anasankha Cape Maclear, pakuti dooko lake linali labwino, lobisika ku mphepo ya mwera.

Pamenepo anamanga nyumba, natsegula sukulu. Inu amene mukuphunzira ntchito ya uphunzitsi muyenera kudziwa dzina la Shadrach Mngunana, mnyamata wa ku South Africa amene anaphunzira ku Lovedale, nabwera m'chaka cha 1876 kudzaphunzitsa ana pa sukuluyi. Iye anamwalira m'chaka cha 1877, chaka chomwecho chimene anamwalira Dr. William Black. Matenda, makamaka malungo, anapitiriza kupha anthu a pa mishoni, ndipo anthu okhala pafupi anali owerengeka. Pa zifukwa izi, m'chaka cha 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe. Amene anatsala kuyang'anira ntchito pa Cape Maclear ndi Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa pa mishoniyi.

Amishoniwa sanabwere kudzasangalala ayi, koma tawatchula chifukwa anasiya zinthu ziwiri zimene alendo a m'mbuyo mwawo anazipeza: mbiri imene inamveka ku Ulaya, ndi manda amene alendo amapita kukawaona kufikira tsopano.

Ndege zotera pamadzi

M'masiku a boma la Angerezi, Azungu a ku Zomba ndi ku Blantyre anayamba kumapita kunyanja pa nthawi ya tchuthi. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pa Cape Maclear panamangidwa hotela, ndipo kumapeto kwa chaka cha 1949 kunachitika chinthu chodabwitsa. Kampani ya ndege ya ku Britain yotchedwa BOAC inali ndi ndege zikuluzikulu zotera pamadzi, zimene zinkayenda ulendo wa masiku angapo kuchokera ku Southampton kupita ku Johannesburg, zikumatera pa mitsinje ndi pa nyanja za m'njira. Cape Maclear inasankhidwa kukhala malo amodzi oterapo. Anthu amene anazolowera kuona mabwato okha anaona ndege ikutsika kumwamba, ikung'amba madzi, ndipo alendo ovala bwino akutsika kunka ku hotela.

Koma izi zinakhala chaka chimodzi chokha. Pofika mwezi wa Novembala 1950 kampaniyo inaleka kuyendetsa ndege zotera pamadzi, pakuti ndege zotera pamtunda zinali zofulumira ndiponso zosawononga ndalama zambiri. Posakhalitsa hotela ija inatsekedwa. Taonani kuti nkhani imeneyi inagamulidwa ndi anthu a ku London amene anali kuwerengera phindu lawo. Munthu wa pa Chembe amene anapeza ganyu ya kuchapa kapena ya kusenza katundu pa hotelayo sanalakwe kanthu, komabe ntchito yake inatha. Mudzi unabwerera ku makoka ndi mabwato ake, pakuti nsomba zinalipo.

Paki ya nsomba

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, boma linafuna kukopa alendo kuti abweretse ndalama zakunja. M'chaka cha 1967 Malawi anapangana ubale ndi boma la South Africa, pa nthawi imene maiko ambiri a mu Afirika anali kukana Azungu a kumeneko chifukwa cha tsankho. Motero ambiri a iwo ankabwera kudzachita tchuthi pa nyanja yathu.

Panalinso alendo a mtundu wina, ndiwo anthu ophunzira za nsomba. Iwo anapeza kuti m'Nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba yochuluka kupambana m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndi kuti yambiri mwa mitunduyi sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Zimene zinawakondweretsa koposa ndi mbuna, tinsomba ta mawanga okongola timene timakhala m'miyala. Chifukwa cha nsombazi, m'chaka cha 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, paki yoyamba pa dziko lonse yotetezera nsomba za m'madzi opanda mchere, ndipo m'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wa malo amene ali chuma cha anthu onse. Paki imeneyi inatenga mapiri, zilumba, ndi madzi kufikira mamita 100 kuchokera ku magombe ake. M'madzi amenewo kusodza n'koletsedwa.

Midzi isanu, ndiyo Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale, sinasamutsidwe, koma inatsala yozingidwa ndi paki mbali zonse za kumtunda. Phindu la paki lioneka ndi maso: mitengo ikalipo m'mapiri pamene mapiri ambiri a m'dziko muno anasanduka mpala, ndipo mbuna zikalipo m'miyala. Koma mtengo wake analipira ndi anthu a m'midziyi. Mayi amene amake ankatola nkhuni m'phiri momasuka anayamba kufuna chiphaso, ndipo aloledwa kutola zouma zokha. Msodzi amene atate ake ankaponya khoka pafupi ndi chilumba anayamba kutchedwa wakuba. Minda yatsopano sangatsegule, pakuti malire a paki sasuntha ngakhale ana abadwe ochuluka.

Alendo a zikwama kumsana

Kuyambira zaka za m'ma 1980 kunabwera gulu limene linasintha mudzi kupambana onse akale. Awa ndi anyamata ndi atsikana a ku Ulaya, ku America, ku Australia ndi ku South Africa, oyenda ndi zikwama kumsana, amene ambiri a iwo ankadutsa m'dziko muno pa ulendo wa pakati pa Nairobi ndi Cape Town. Ndalama zawo zinali zochepa, chotero sankafuna hotela yaikulu. Ankagona m'tinyumba ta udzu ndi m'mahema pakati pa mudzi penipeni, ndipo wina wobwera kudzakhala masiku atatu ankatha mwezi. Lamulo la kavalidwe la chaka cha 1973, limene linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, litachotsedwa m'chaka cha 1993, ndiponso boma la zipani zambiri litalowa m'chaka cha 1994, alendo otere anayamba kuyenda momasuka koposa kale.

Kalumo kakuthwa ka alendowa kanaonekera pa chinthu ichi, kuti ndalama zawo zinkagwera m'manja mwa anthu wamba. Mwini ngalawa anapeza ntchito ya kutenga alendo kunka nawo ku Thumbi kukaona mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba. Wosema ziboliboli, telala wosoka malaya a chitenje, mayi wophika nsima ndi kampango, onsewa anapeza msika pakhomo. Anyamata ena anaphunzira kuphika zakudya za alendo, ena kuyendetsa injini, ena kumira pansi pa madzi ndi zipangizo, ndipo ena lero ali ndi malo awoawo ogona alendo. Nyumba za njerwa ndi malata zinachuluka. Alendo ena analipirira ana sukulu. M'chaka cha 1999 mnyamata wina wa ku Ireland anamira m'nyanja pamalopa, ndipo amake, pofuna kumukumbukira, anasonkhanitsa ndalama natsegula chipatala cha Billy Riordan m'chaka cha 2004, m'mudzi umene odwala ake ankayenda ulendo wautali wa m'mapiri kunka ku Monkey Bay.

Koma kalumo kakuthwa kamatemanso. Alendo ena chimene chinkawakoka ndi mowa ndi chamba, ndipo anyamata a m'mudzi anapeza kuti kugulitsa chamba kubweretsa ndalama msanga kuposa kupalasa bwato usiku wonse. Panabadwa gulu la anyamata ongoyendayenda m'gombe kusaka alendo. Zibwenzi za ndalama zinachuluka m'zaka zomwezo zimene matenda a Edzi anali kusesa anthu, ngakhale kuti pa ichi tisaiwale kuti malonda a nsomba nawonso ali ndi zibwenzi zawo zotere pa madooko onse a m'nyanja. Ana aang'ono anaphunzira kutambasula dzanja kwa Mzungu aliyense. Choopsa koposa kwa ife aphunzitsi ndi ichi: mnyamata wa Sitandade 6 akalandira kwa mlendo pa tsiku limodzi ndalama zimene atate ake sazipeza pa mlungu wathunthu, m'mawa mwake mpando wake m'kalasi umakhala wopanda munthu.

Gombe ndi la yani?

Kwa munthu wa kunyanja gombe ndi bwalo, ndi chitsime, ndi munda. Pamenepo amayi amatunga madzi, amatsuka mbale ndi kuchapa. Amuna amakokera mabwato ndi kusoka makoka. Pamenepo pali mathandala oyanikapo usipa. Koma mlendo wolipira chipinda afuna gombe lachete, losesedwa, lopanda fungo la nsomba. Zofuna ziwirizi zilimbirana mchenga umodzi womwewo.

Malo a m'gombe anali a makolo, osungidwa ndi mafumu ndi mabanja. Lamulo la malo la chaka cha 1965 linapatsa boma mphamvu ya kubwereketsa malo otere kwa munthu kwa zaka zambiri, ndipo m'kupita kwa nthawi zigawo zambiri za gombe la Chembe zinapita kwa eni malo ogona alendo, ena akunja, ena Amalawi a m'tauni, ena a m'mudzi momwemo. Banja limene linagulitsa malo ake linalandira ndalama kamodzi, ndalamazo n'kutha, koma malowo akubala chaka ndi chaka m'manja mwa wina. Pa nthawi yomweyo anthu m'mudzi anachuluka kwambiri, ena atakokedwa ndi usipa, ena ndi alendo, kotero kuti mudzi umene kale unali wa anthu mazana owerengeka lero uli ndi anthu oposa 10,000. Anthu ochuluka chotere apanikizana pa gombe limene lacheperachepera.

Likodzo

Kwa zaka zambiri anthu okopa alendo ankanena kuti m'Nyanja ya Malawi mulibe likodzo. M'chaka cha 1992 anthu awiri a ku America a bungwe la Peace Corps anadwala kwambiri atasambira pa Cape Maclear, ndipo madokotala a ku America anabwera kudzafufuza. Zimene anapeza anazisindikiza m'chaka cha 1996: mwa anthu akunja okhala kapena odzacheza m'Malawi amene anayezedwa magazi, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi zizindikiro za likodzo, ndipo Cape Maclear ndiwo malo amene anatchulidwa koposa. Mbiri imeneyi inamveka m'maiko ambiri.

Pambuyo pake Jay Stauffer ndi Henry Madsen, pamodzi ndi anzawo, anasonyeza mmene vutoli linakulira. Tizilombo ta likodzo timatuluka m'mkodzo wa munthu wodwala, timakula m'nkhono za m'madzi, ndipo timalowanso pakhungu la munthu wosamba. M'nyanja muli nsomba zimene zimadya nkhonozo. Asodzi atachuluka, nayamba kukoka makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhale maukonde a udzudzu, m'madzi osaya m'mene nsomba zimaswana, nsomba zodya nkhono zinachepa ndipo nkhono zinachuluka. Alendo sindiwo anabweretsa likodzo. Koma tizindikire kuti ana a sukulu a pa Chembe anali kukodza magazi kale, ndipo dziko linatchera khutu pamene anadwala ndi alendo. Mlendo amamwa mankhwala atabwerera kwawo, nachira. Mwana wa pa Chembe amamwa mankhwala lero, mawa n'kubwerera m'madzi omwewo, pakuti ndimo muli bafa lake ndi bwalo lake la masewera.

Zaka za 2020 ndi 2024

Zimene zinachitika m'chaka cha 1950 zinachitikanso m'masiku athu. M'chaka cha 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndege zonyamula anthu kuchokera kunja zinaimitsidwa kuyambira mwezi wa Epulo kufikira mu Sepitembala, ndipo ngakhale zitayambanso alendo anachedwa kubwerera. Malo ogona alendo anakhala opanda anthu, antchito anabwezedwa kunyumba, ziboliboli zinasowa wogula. Ambiri anatembenukira ku nyanja monga anachitira agogo awo, koma anapeza kuti mabwato achuluka ndipo chambo chinachepa kale. M'chaka cha 2024 madzi a nyanja anakwera kufika pamene sanafikepo kwa zaka zambiri, namiza mchenga ndi kulowa m'nyumba zambiri za alendo zimene zinamangidwa kufupi ndi madzi m'boma la Mangochi ndi m'maboma ena. Zaka ziwirizi zinasonyeza kuti ntchito ya alendo ikhoza kuima mwadzidzidzi pa zifukwa zimene mudzi sungathe kuziletsa.

Phunziro kwa aphunzitsi

Tikayang'ana mbiri yonseyi tiona kuti gulu lililonse la alendo linabwera pa zifukwa zake, ndipo linachoka pa zifukwa zake, osafunsa eni mudzi. Mphatso ndi malipiro zinatha pamodzi ndi alendowo. Zimene zinatsala ndi zimene zinalowa m'mutu ndi m'manja mwa anthu, monga luso ndi maphunziro, ndi zimene anthu sanazitaye, monga malo ndi nsomba. Chifukwa chake sitinena kuti alendo athamangitsidwe, pakuti dziko lathu lisowa ndalama zawo, ndipo kulandira mlendo ndi mwambo wathu. Tinena kuti mudzi wolandira alendo uyenera kusunga gombe lake, nsomba zake ndi ana ake, kuti mame akakamuka pakhale potsamira.

Ena a inu mudzatumizidwa ku sukulu za m'mbali mwa nyanja, kaya ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, ndipo zimene tafotokozazi mudzazipeza pakhomo pa kalasi. Mwana akayamba kujomba chifukwa cha alendo, musathamangire kumukalipira. Muuzeni kuti amene amalemba mabuku a ndalama pa malo ogona alendo, amene amayang'anira paki, ndi amene amawerenga pangano la malo lisanasainidwe, onsewo ndi anthu amene anatsiriza sukulu. Kambiranani ndi makolo ake ndi a komiti ya sukulu msanga, chizolowezi chisanakhwime. Pa phunziro la zaumoyo fotokozani ulendo wa likodzo kuchokera kwa munthu kunka ku nkhono ndi kubwereranso kwa munthu, kuti ana amvetse chifukwa chake tiletsa kukodzera m'nyanja ndi kusodza ndi ukonde wa udzudzu.

Pa phunziro la mbiri, tumani ana kwa agogo awo akafunse kuti gombe linkafika pati, ndani ankayanika nsomba pamene lero pali mpanda, ndi mayina ati amene makolo ankatchula miyala, madooko ndi zilumba. Alembe zimenezi m'Chichewa chabwino, ndipo inu muzisunge pa sukulu. Mbiri ya alendo a pa Cape Maclear inalembedwa kale m'mabuku ambiri a Chingerezi, koma mbiri ya anthu a kwa Chembe, ndi ya midzi ina yonse yonga umenewu, yambiri ikali m'mitu ya nkhalamba, ndipo odzailemba ndinu pamodzi ndi ana amene mudzawaphunzitsa.